Ntchito yojambula maukwati kuno ku Salima

Atsikana ndi anyamata amene amandilembera pa WhatsApp pafupifupi onse amayamba ndi funso lomweli: "Achemwali, ndigule kamera yanji?" Ndimawauza kuti Canon kapena Nikon yakale yogula kwa munthu imakwana poyambira, bola ikhale ndi mabatire awiri. Koma chimene chimandipezera maukwati si kamera ayi. Ndi kudziwa kuti pa khamu lonselo, ndani amene sayenera kusowa pa chithunzi.

Ndinayamba ndi kunyamulira chikwama bambo wina wojambula wa pa Kamuzu Road. Ndalama inali ya sopo chabe, koma ndinkaona zimene amachita. Asanatulutse kamera, ankayamba wapeza ankhoswe, akuchimuna ndi akuchikazi, n'kuwapatsa moni mwaulemu, kenako n'kufunsa: amalume a mkwatibwi ndi ati? Agogo akhala pati? Alipo amene achokera kutali, ku Mzuzu kapena ku Joni? Mpaka lero ndimatero. Akwati angakhululuke ngati chithunzi cha keke sichinaoneke bwino, koma agogo amene anakwera kabaza kuchokera ku Thavite atasowa mu alabamu, banja lonse lidzakumbukira kuti wojambula uja anali ndani.

Ntchito zanga zoyamba zinali zazing'ono: ubatizo, bridal shower, chinkhoswe cha pakhomo. Chinkhoswe ndimachikonda kuposa zonse, ngakhale n'chovuta kujambula. Pamene ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, zimachitika kamodzi basi, nkhukuzo zikuphiriphitha, amayi akululutira, fumbi lili koboo. Sungawauze akuluakulu kuti abwereze. Uyenera kukhala utagwada kale pamalo pako.

Kenako pali nyanja. Akwati ambiri, ngakhale ochokera ku Lilongwe, amafuna zithunzi za pamchenga ku Senga Bay, ndipo amafuna apite akangotuluka m'tchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Apa ndimakana mofatsa. Masana mchenga umathwanima, diresi yoyera imapserera pa chithunzi, nkhope ya mkwati n'kuda bii, maso onse atatsinzinira. Kuno dzuwa limatulukira kunyanja n'kukalowera kumtunda, choncho cha m'ma 4 koloko madzulo limakhala kumbuyo kwanga, likuwala pankhope zawo, madzi ali kumbuyo kwawo. Khungu lathu limaoneka mmene lilili nthawi imeneyo, ndipo zimandipweteka kuona ena akuyeretsa nkhope za akwati pa kompyuta mpaka mayi wawo osawazindikira. M'miyezi ya June ndi July mwera umaomba, velo limauluka, mchenga umalowa paliponse. Lenzi, galasi la kutsogolo kwa kamera, sindisinthira panja, ndimakasinthira m'galimoto.

Boma lathu la Salima lili ndi Asilamu ambiri, ndiye wojambula wa kuno ayenera kudziwa za nikah, ukwati wa Chisilamu, monga mmene amadziwira za kutchalitchi. Ndimafunsiratu kwa a shehe kumene ndingaime ndi kumene sindingafike, chimodzimodzi kwa abusa kapena ansembe pa nkhani ya flash. Poti ndine mkazi, ndimavala mpango n'kulowa kumbali ya amayi, kumene anzanga aamuna nthawi zambiri saloledwa. Maukwati ambiri a ku Maganga ndi ku Chipoka ndinawapeza choncho, mayi wina kuuza mnzake.

Makasitomala enieni amachokera pa pelekani-pelekani. Munthu akamavina akuponya ndalama, amafuna aoneke, ndipo Lolemba lake amandifunafuna kuti ndimutumizire chithunzi chake. Ndimatumiza, osalipiritsa. Ameneyo ali ndi mchemwali wake amene akukwatiwa chaka chamawa.

Za ndalama ndinene mosabisa. Theka ndimalandiriratu pa Airtel Money kapena Mpamba tsikulo lisanafike, chifukwa madyerero akatha komiti imakhala itabalalika ndipo matumba auma. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa batire, memory card ndi lenzi unakwera nthawi yomweyo, pamene anthu ankafunabe kulipira mtengo wakale. Ndinawafotokozera mmodzimmodzi, ena anapita kwina, ambiri anamvetsa. Maukwati amachuluka anthu akakolola mpaka mu December. Mvula ikalimba ntchito imachepa, ndiye ndimajambula ana asukulu ndi zithunzi za ziphaso.

Ndikafika kunyumba usiku, ndisanavule n'komwe nsapato, ndimakopera zithunzi zonse pa laputopu ndi pa hard drive, magetsi akakhalapo. Akazima, memory card imagona m'kachikwama kanga osaigwiritsanso ntchito mpaka nditakopera. Mawa lake akwati amalandira zithunzi zingapo zoti aike pa Facebook. Alabamu ndimalonjeza masabata atatu, ndipo ndimakapereka ndekha, ngakhale kukhale ku Khombedza.