Akavalo opanda mwini a ku Nevada

Tinanyamuka mumzinda wa Reno, m'chigawo cha Nevada ku America, m'mamawa ndi mnzanga amene amakhala komweko, n'kutenga msewu wokhotakhota wa Geiger Grade umene umakwera kupita ku Virginia City, tauni yakale ya migodi ya siliva. Tisanafike pamwamba, tinaona akavalo asanu ndi awiri akudya udzu wouma m'mbali mwa phiri, opanda zingwe, opanda wowaweta, ndipo panalibe khola kulikonse kumene maso ankafika. Mnzangayo anandiuza kuti akavalo otere amatchedwa mustang, dzina limene ine ndinkalidziwira pa galimoto ya Ford yokha, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga unali pa dzinalo.

Mawuwa analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chisipanishi cha ku Mexico, kumene mesteño kapena mestengo ankatanthauza chiweto chosochera chimene mwini wake sakudziwika. Gwero lake lili kutali, ku Castile m'dziko la Spain, kumene kunali bungwe la eni nkhosa lotchedwa Mesta, limene Mfumu Alfonso X inalivomereza mu 1273. Chaka chilichonse nkhosa zinkayenda mtunda wautali kukasaka msipu, ndipo poti m'njira zinkasakanikirana, abusa ankasonkhana kuti aliyense azindikire zake. Zotsala zimene palibe anaziloza zinkakhala m'manja mwa bungwelo. Zinandikhudza kwambiri kuganiza kuti dzina limene lero limamveka ngati la ufulu ndi liwiro linabadwira pa mlandu wa ziweto zotayika, mlandu umene aliyense amene anawetako mbuzi kumudzi amaudziwa bwino.

Ndipo dzinalo silinama. Akavalo akale a ku America anatha zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, kotero amene tinkawaonawo si nyama zakutchire zenizeni ayi, koma zidzukulu za akavalo oweta, kuyambira pa amene Asipanishi anabwera nawo pa zombo. Mtsogoleri wa asilikali a Asipanishi, Hernán Cortés, anafika ku Mexico mu 1519 ndi akavalo 16. Ngakhale mawu athu akuti kavalo anayenda panyanja momwemo, pakuti tinawatenga kwa Apwitikizi.

Mu 1971 boma la America linakhazikitsa lamulo loteteza akavalowa, pambuyo pa khama la zaka zambiri la mayi Velma Johnston a ku Nevada komweko. Koma a m'mapiri a Virginia Range, kumene ife tinali, lamulolo siliwakhudza, chifukwa malo ambiri amene amadyapo si a boma lalikulu. Malamulo a Nevada amawawerengera m'gulu la ziweto zosochera, tanthauzo lomwe lija la abusa a ku Castile, ndipo kuwapatsa chakudya n'koletsedwa.

Pobwerera madzulo, kavalo wamkazi ndi mwana wake anaima pakati pa msewu. Tinazimitsa galimoto n'kudikira mpaka atawoloka.