Zapakhola: mbadwo wachitatu wa Mikolongwe ndi zachikuda wagogomola

Anapiye a mbadwo wachitatu agogomola sabata yathayi kuno kwathu ku Santhe, moti tsopano ndayamba kuona kumene khola langa likulowera. Chimene ndakhala ndikufuna chiyambireni ndi khola lodziyendetsa lokha: mazira apakhomo azipezeka, alendo akabwera pazikhala tambala wogwira, ndipo anapiye olowa m'malo mwa zimene tadya azibadwira pomwe pano, osati chaka ndi chaka kukwera basi kukagula ku Lilongwe.

Ndinayamba ndi matadzi achikuda amene tinali nawo kale pakhomo, ena achiphulutsa, ena akawangi, ndi tambala mmodzi wa Mikolongwe. Mikolongwe ndi Black Australorp, mtundu umene unapangidwa ku Australia kuchokera ku Black Orpington ya ku England. Boma lakhala likuichulukitsa kwa zaka zambiri ku famu ya ziweto ya Mikolongwe ku Chiradzulu, ku Bwemba mu Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu, n'kumagulitsa anapiye a masabata 6 kuti alimi azikweretsa ndi nkhuku zakumudzi. Ndi nkhuku ya zonse ziwiri, mazira ndi nyama, ndipo n'chifukwa chake ndinaisankha m'malo mwa zoyera za nyama zija, zimene pa masabata 6 zakwana kale mumphika koma sizingakusiyireni mbewu.

Mbadwo woyamba unasangalatsa aliyense. Pafupifupi anapiye onse anatuluka akuda, poti mtundu wakuda umaphimba mitundu ina, ndipo anakula msanga kusiya anzawo achikuda obadwa mwezi womwewo. Misoti itayamba kuikira, inkaikira nthawi yaitali osalekeza, mazira akenso okulirapo. Zimenezi zimachitika kawirikawiri mukasakaniza mitundu iwiri yotalikirana magazi: ana oyamba amakhala ndi mphamvu yapadera. Mphamvuyo imatsika mukakweretsa anawo okhaokha, ndipo adzukulu amatuluka osiyanasiyana, wina wamkulu, wina kachepechepe.

Vuto linaonekera pachisa. Mwa misoti yosakanizayo, yochepa yokha ndiyo inafungatira mpaka kumapeto. Ina inkakhalira mazira masiku oyamba, kenako n'kudzuka kupita kokasaka chakudya, madzulo n'kukagona pamtanda ndi zinzake, mazira n'kuzizira. Apa m'pamene ndinayamba kuliona mwina thadzi lachikuda. Anthu timalinyoza kuti limaikira pang'ono, ndipo n'zoona: limaikira mazira 10 mpaka 15, n'kusiya, n'kufungatira masiku 21, kenako n'kuyenda ndi anapiye miyezi iwiri kapena itatu. Pachaka limachita zimenezi mwina katatu, mazira onse osapyola 60. Koma masiku amene silikuikirawo ndi amene likugwira ntchito imene Mikolongwe saikonda. Limatenthetsa mazira, limawatembenuza, limaphunzitsa anapiye kupalasa, ndipo mphamba akadutsa m'mwamba limalira kamodzi kokha, anapiye onse ali balala kulowa pansi pa nkhokwe.

Alamu anga a ku Chinkhoma, amenenso amaweta, amandiuza kuti, “Alamu, musavutike, muzingoikamo tambala wa Mikolongwe mpaka khola lonse lide bii.” Ndimawamvetsa, chifukwa nkhuku zawo ndi zonenepa ndithu. Koma pamenepa sindigwirizana nawo. Mukakweretsa msoti watheka ndi Mikolongwe, ana amakhala ndi magawo 3 mwa 4 a Mikolongwe. Mukabwerezanso, magawo 7 mwa 8. Pofika pamenepo muli ndi nkhuku yofuna chakudya chambiri, yolemera thupi, yochedwa kuthawa likongwe, ndiponso yosakonda kukhala pachisa. Ndiye kuti mufunika makina ogogomolera mazira, ndipo makinawo magetsi akazima nthawi yaitali, mazira atha kuonongeka. Khola lotere ndi labwino, koma si lodziyendetsa lokha.

Choncho khola langa ndaligawa pawiri. Mbali imodzi kuli matadzi achikuda enieni, osasakaniza, ndi tambala wawo wachikuda. Amenewa ndi amayi a khola, ndipo sindigulitsa ngakhale wina atabwera ndi ndalama m'manja. Mbali inayo kuli zosakaniza, zimene ntchito yake ndi kuikira ndi kunenepa. Thadzi lachikuda likayamba kukakamira pachisa, kufufumitsa nthenga ndi kujompha dzanja, ndimalisiya masiku awiri kuti nditsimikize kuti latsimikizadi. Kenako usiku, lili m'tulo, ndimalowetsa dzanja pansi pake, kuchotsa mazira ake ena n'kuikamo a zosakaniza. Silidziwa kanthu, limangogwedeza thupi kuwakokera pachifuwa. Popeza mazirawa ndi okulirapo, sindipyola 10, kuti onse afundidwe bwino. Ndimasankha osapitirira sabata imodzi chiikireni, osang'aluka, osatsukidwa, ndipo lililonse ndimalilemba tsiku ndi pensulo.

Pakatha sabata ndi masiku angapo, ndimawaunika ndi tochi ya foni m'chipinda chamdima. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira tofalikira ngati ukonde wa kangaude, pakati pali kadontho kakuda kamene nthawi zina kamasuntha. Lopanda kanthu limawala mbee mbali zonse, ndipo limenelo ndimachotsa lisanaole n'kuphulikira anzake. Ntchito imeneyi ana anga amaikonda kwambiri, moti tsiku lounika sagona msanga.

Nkhani ya atambala ndiyo yandidyera nthawi yambiri yoganiza. Njira imene ndasankha ndi yosinthanasinthana. Misoti ya mbadwo woyamba ndinaipatsa tambala wachikuda, ana ake n'kukhala ndi gawo limodzi mwa magawo 4 la Mikolongwe. Misoti ya mbadwo wachiwiriwo ndaipatsa tambala wa Mikolongwe watsopano, wosakhala pachibale ndi woyamba uja, ndiye anapiye agogomolawa ali ndi magawo 5 mwa 8. Ndikapitiriza chomwechi, magazi a Mikolongwe azingosewera cha pakati pa gawo limodzi ndi magawo awiri mwa atatu, osafika kumapeto kulikonse, ndipo mphamvu ya kusakaniza ija imatsalako yambiri mbadwo uliwonse. Tambala aliyense amachoka ana ake aakazi asanafike poikira. Tambala kukwera ana ake ndi kumene kumatha makola ambiri m'midzi muno: anapiye amabadwa ofooka, zala zopindika, mazira ambiri osagogomola, anthu n'kumati pakhomo palowa tsoka.

Chinthu china chaching'ono koma chofunika: thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi mwake mpaka masabata awiri kapena atatu. Ndiye ndikasintha tambala, mazira a masabata atatu oyamba timangodya, poti ena mwa iwo amakhala adakali a tambala wakale. Tambala mmodzi ndimamupatsa matadzi osapyola 10.

Tambala wachikuda amene anabereka mbadwo wachiwiri uja anali kameta, wa khosi lopanda nthenga, wochokera kwa amalume ku Chamama, ndipo ndinamusankha dala. Kameta ali ndi nthenga zochepa thupi lonse, osati pakhosi pokha, motero amapirira kutentha. Mwezi uno wa Okutobala, masana dzuwa likafika paliwombo, zakuda zonse zimakhala pansi pa mango, milomo yasaa, mapiko atatsika, pamene makameta akupalasabe kudzala. Tambalayo anali ndi kanthenga kochepa kutsogolo kwa khosi, chizindikiro choti ukameta anautenga kwa kholo limodzi lokha, ndipo ana ake anatuluka pafupifupi theka ometa, theka a khosi lanthenga. Ukameta sufuna makolo onse awiri kuti uonekere, n'chifukwa chake waonekeranso mwa anapiye atsopanowa ngakhale bambo wawo ndi Mikolongwe weniweni: tianapiye takuda, timakosi tofiira psuu. Amayi akunyumba amawakonda makameta chifukwa sachedwa kusosola. Pamsika ogula ena amawakana poganiza kuti akudwala, ndipo mu Juni ndi Julayi anapiye ake amafuna kufundidwa kwambiri. Pachifukwachi sindifuna kuti khola lonse likhale lometa.

Chitopa sichisankha magazi. Wachikuda, Mikolongwe, wosakaniza, chikalowa chimasesa zonse, ndipo nyengo yake ndi inoyi yotentha. Katemera wa I-2, wodontheza dontho limodzi m'diso, ndimapereka miyezi inayi iliyonse, mu Malichi, Julayi ndi Novembala, kuyambira anapiye mpaka atambala. Kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zambiri kuposa zanga, choncho timasonkherana ndi makomo oyandikana nawo n'kutemera tsiku limodzi, zomwenso zimathandiza chifukwa nkhuku zathu zimadyera limodzi masana. Nkhuku yogula kapena yamphatso imayamba yakhala payokha masabata awiri isanalowe m'gulu. Za utitiri ndimathira phulusa pamalo pamene zimasamba fumbi, ndipo pansi pa udzu wa chisa ndimaikapo zinyenyeswa za fodya, zimene kuno ku Kasungu sizisowa.

Zosakaniza sizingakhute ndi kupalasa kokha, makamaka chilimwe chino pamene pansi pauma. M'mawa ndimazipatsa gaga zitini zitatu pa chitini chimodzi cha soya wokazinga ndi kugaitsa, kamchere pang'ono, ndi zigoba za mazira zootcha n'kusinja. Soya wosakazinga musapatse, amalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba ndipo anapiye amapinimbira. Anapiye ndimawaonjezera fumbi la bonya lotsalira kwa ogulitsa nsomba, ndi chiswe. Chiswecho ndimachikola ndi mphika wakale: ndimaikamo ndowe zouma ndi mapesi, kuwaza madzi, n'kuuvundikira pafupi ndi chulu madzulo. Pakapita masiku ochepa mwadzaza. Masabata anayi oyamba anapiye amakhala m'kakhola kawaya ndi mayi wawo, chifukwa ambiri amene amatayika pakhomo amatayika nthawi imeneyi.

Anapiyewa akakwana masabata 12 ndidzawayeza pasikelo mmodzimmodzi. Zipsolopsolo zazimuna zonse za mbali ya zosakaniza ndi za mumphika ndi pamsika, palibe chotsala chambewu. Misoti ndidzasunga yolemera bwino, yochangamuka, ya miyendo yowongoka, makamaka yochokera kwa amayi amene anaikira kwambiri komanso anafungatirako mpaka kugogomola. Pa matadzi akale ndayamba kale kusankha: ndimaligwira, n'kuika zala pakati pa timafupa tiwiri ta kumbuyo, pansi pa mchira. Zikalowa zala ziwiri kapena zitatu, likuikira. Chikalowa chimodzi chokha, lipombo litafota, pamene silikufungatira kapena kuyoyoka nthenga, limenelo ndi la Khrisimasi.

Chatsala ndi tambala wachikuda wodzabereka mbadwo wachinayi. Wa ku Chamama sangabwerenso, poti anapiyewa ndi adzukulu ake. Ndikufuna wochokera kutali, cha ku Kapiri kapena ku Mkanda mu Mchinji, wa khosi lanthenga, wobadwa kwa thadzi lodziwika ndi kulera bwino anapiye. Ndatuma kale uthenga kwa achemwali amene anakwatiwa kumeneko kuti ayambe kuyang'ana m'makomo, ndipo adzafika kuno mvula ikatha, misotiyi ili pafupi kuyamba kuikira.