Zikomo a gulu lathu loona mbalame za kugombe

Loweruka lapitali ndinawerenga nawo mbalame ndi maso angaanga, patatha miyezi 14 kuchokera pamene ng'ala inayamba kundiphimba maso onse awiri. Za maopaleshoni awiri aja ndi kudikira kwake mukuzidziwa kale, choncho sindibwereza. Ndikulemba miyendo ikuphwanyabe chifukwa cha matope amene tinaponda, koma sindikufuna kuti mawu othokozawa azizire.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira dzanja la dokotala. Ndikuthokoza nonse a m'gulu amene munkandisiyira malo m'galimoto ngakhale munkadziwa kuti sindikathandiza kalikonse pa kuwerenga. Koma mundikhululukire, ndikhalitsa pa munthu mmodzi, bambo athu amene amanyamula telesikopu ya gulu, omwe andiletsa kuwatchula dzina.

Pamene gombe lonse linasanduka nkhungu m'maso mwanga, ndinawauza kuti ndasiya, ndipo zoonera patali zanga ndinafuna kuzipereka kwa mwana wina wa m'gulu. Iwo anazilandira, nakazisunga kwawo osampatsa mwanayo. Loweruka lotsatira anabwera kudzanditenga, nandigwira mkono kudutsa pamiyala yoterera, nandikhazika pampando kumene mphepo sinali kundiomba kumaso. Anati popeza maso akana, tigwiritse ntchito makutu. Umo ndi mmene ndinadziwira kulira kwa mbalame yotchedwa whimbrel, kamluzu kofulumira kobwerezabwereza kangapo motsatizana, ndi kulira kwa grey plover komwe kumatsika pakati n'kukweranso ngati munthu wodandaula. Zaka zonse zimene ndinali ndi maso abwino, kulira kumeneku ndinkangokumva ngati phokoso la kunyanja.

Zimene makutu sakanatha, ankandifotokozera ndi pakamwa, osatopa. Ankanena kuti sanderling akuthamangira funde likamabwerera n'kuthawanso likamabwera, kuti turnstone wagubuduza kamwala ndi mlomo wake, kuti whimbrel walowetsa mlomo wake wokhota m'una n'kutulutsa nkhanu. Tsiku lina nditafooka kwambiri anandiuza za bar-tailed godwit wa miyezi isanu yokha, amene mu Okutobala 2022 anauluka kuchoka ku Alaska, ku America, mpaka ku chilumba cha Tasmania, ku Australia, makilomita pafupifupi 13,560, masiku 11 osatera. Ndinawayankha mwamwano kuti mbalameyo inali ndi maso. Anangoseka, ndipo sabata yotsatira anabweranso. Bambo, mwano umenewo ndikupepesa pamaso pa onse.

Ndikumbukirenso kuti iwo ndi amene ankawerengera nthawi ya madzi. Nyanja yamchere imadzaza kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50, kotero ankasankha ola limene madzi akukwera n'kumakankhira mbalame kufupi ndi mtunda, kuti ine ndisayende mtunda wautali m'matope. Izi sanandiuze, ndinachita kumva kwa ena.

Alipo amene tinkayenda nawo kale, amene foni zawo zinasiya kugwira mwezi umene ndinasiya kuyendetsa galimoto. Loweruka ndinawaona bwinobwino, chifukwa tsopano ndikuona, ndipo moni wawo ndinaulandira.

Kuwerenga kwa Loweruka kunali mbali ya kalembera wa mbalame za m'madzi wa mwezi wa Januwale, amene wakhala akuchitika m'mayiko ambiri kuyambira 1967 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International. Chaka chatha ndinakhala pampando n'kumangomva anzanga akutchula manambala. Chaka chino bambo aja anatulutsa zoonera patali zanga m'chikwama chawo, zopukutidwa bwino, lamba wake wothothoka uja atamusoka. Madzi atakwera, mbalame zinaunjikana pachitunda cha mchenga, ndipo panali imodzi yotuwa, yamutu waukulu, yoima payokha ngati yosungulumwa. Anandifunsa kuti ndi mbalame yanji, ine ndinati tidikire iuluke. Itatambasula mapiko ndinaona kuda kwa m'khwapa mwake, chizindikiro chimene grey plover amasiyana nacho ndi anzake ofanana naye, ndipo isanalire n'komwe ndinali nditaitchula kale dzina. Kenaka inalira, kutsika n'kukwera monga ndinaphunzirira mumdima muja. Magalasi a zoonera patali anachita nthunzi, ndipo gulu la curlew sandpiper limene ndinapatsidwa kuti ndiwerenge ndinaliyambiranso kawiri.

Mbalame za curlew sandpiper zimenezi zimaswana kutali ku Siberia, m'dziko la Russia, ndipo miyezi ikubwerayi ziyamba kufiira nthenga pokonzekera kubwerera kwawo. Ndikupempha Mulungu andisungire maso awa kuti ndidzazione zisananyamuke, ndiponso awapatse bambo athu mphamvu m'mawondo, pakuti ndinaona Loweruka kuti nawonso ayamba kutsimphina. Ulendo wotsatira telesikopu ndi miyendo yake ndinyamula ine, ndipo asadzakane.