Alendo a M'kamunda Kanga ka Maluwa Dzinja Likamayamba

Mvula yeniyeni inayamba masabata awiri apitawa kuno ku Zomba, ndipo kuyambira tsiku limenelo tiyi wanga wa m'mawa wakhala akuzizirira m'kapu chifukwa choti ndimaima nthawi yaitali pakhonde n'kumayang'ana kamunda kanga ka maluwa. M'mwezi wa Okutobala kunagwa chizimalupsa, koma chinangopha fumbi kwa tsiku limodzi, dzuwa n'kubwereranso ndi ukali wake, nyenje nazo zikulira m'mitengo mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Nthawi yonseyo maluwa ndinkawasunga ndi madzi otsukira mbale ndiponso otsala m'ndowa yosambira, moti ena anafota ndipo sanadzukenso. Amene anapirira ndi amene akundibwezera thukuta langa lero.

Loyamba kutuluka linali duwa lofiira lozungulira ngati mpira, limene akatswiri a zomera amalitcha Scadoxus multiflorus. Chilimwe chonse pamalo pake pamangooneka dothi louma, chifukwa mzu wake wonga anyezi umagona pansi, ndipo mvula ikangonyowetsa nthaka limatumphuka pa kaphesi kamodzi masamba ake asanatambasuke n'komwe. Silikhalitsa, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri limayamba kuthothoka. Limeneli ndi la kwathu kuno, limamera lokha m'tchire, kusiyana ndi mitengo yambiri imene imakongoletsa misewu ya mzinda uno. Jakaranda amene maluwa ake anayoyoka mwezi wathawu anachokera ku South America, ndipo mtengo wa flamboyant umene wayaka moto panopa kuseri kwa mpanda wa aneba kwawo ndi ku Madagascar. Zomba anazolowera kulandira zomera zachilendo kuyambira kale, pakuti munda wa zomera umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi unayambitsidwa m'chaka cha 1891 ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake linalowanso m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Sindidana nazo zachilendozi, ndipo ndili nazo zingapo, koma ndaona kuti ndikadzala duwa la kwathu, tizilombo ndi mbalame sizichedwa kulipeza.

Amayi akabwera kuchokera kumudzi amaima pabwalo, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako amandifunsa ngati maluwawa ndi ndiwo. Kwa iwo pakhomo pa munthu waukhondo pamayenera kuseseredwa mbee m'mawa uliwonse, dothi likuoneka, kuti njoka ikadutsa usiku mkukuluzi wake uoneke, ndipo malo alionse achonde ayenera kukhala ndi nkhwani, mpiru kapena bonongwe. Mfundo yawo ya njoka sindiitsutsa, n'chifukwa chake njira yonse yochokera pakhomo kukafika kumpopi ndimaisesa ndithu, ndipo udzu wa pafupi ndi nyumba sindiulola kutalika. Koma pansi pa maluwa ndinasiya kusesa zaka zitatu zapitazo. Masamba ogwa ndimawasiya pomwepo kuti aphimbe nthaka, ndipo kusintha kumene kwabwera chifukwa cha ulesi umenewu, monga amautchulira amayi, n'kumene kwandichititsa kulemba lero.

M'masamba owolawo muli abongololo amene amawasandutsa manyowa, ndipo pansi pake ndi pamene ndinakumana ndi finye tsiku lotsatira mvula yoyamba. Tili ana tinkamutosa ndi kamtengo kuti afufume ngati buledi n'kutulutsa timadzi toyera pamsana, osadziwa kuti kachule kameneka kali ndi moyo wodabwitsa. Finye amakhala m'nthaka miyezi yambiri ya chilimwe, amakumba chobwerera m'mbuyo ndi miyendo yake yakumbuyo, ndipo mazira ake amaikira m'kauna pansi, mmene ana amakuliramo mpaka kutuluka ali kale timafinye, osadzera m'madzi ngati ananchidwe a achule ena. Chakudya chake chachikulu ndi chiswe ndi nyerere, choncho munthu amene chiswe chimamudyera mizu ya maluwa sayenera kumuthamangitsa.

Madzulo amene ngumbi zinatuluka ndi amene ndinaona bwino kuti kamunda aka si kanga ndekha. Zinayamba kufuka pa kachulu ka kuseri kwa mpanda dzuwa litapendeka, ndipo posakhalitsa anamzeze anadzaza mlengalenga, akuziwakha mouluka. Ena mwa anamzeze amene timawaona nyengo ino amachokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia, amafika kuno cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo, ndipo zimandichititsa chidwi kuganiza kuti kambalame kopepuka chotere kawoloka chipululu cha Sahara kudzadya ngumbi za pakhomo panga. Apumbwa ankadumpha kuchokera pa mtengo wa mapeyala, kugwira imodzi n'kubwerera panthambi. Kutada, mileme inatenga malo a mbalame, achule anaunjikana pansi pa getsi la pakhonde, ndipo ana anga ndi anzawo anabwera ndi beseni la madzi. Tinakazinga zathu ndi kamchere, ndipo aliyense, wa mapiko ndi wopanda mapiko, anagona atakhuta.

Mbalame imene ndimaikonda koposa ndi choso. Yaimuna ikatera pa duwa dzuwa likuwomba, nthenga za pakhosi pake zimanyezimira ngati chitsulo chopukutidwa, pamene yaikazi ndi yotuwa, yosavuta kuiphonya. Mlomo wake wautali wopindika unapangidwira maluwa a kamtsuko, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi imakhalira pa maluwa a aloe. Ndaionanso ikuchita zachinyengo: duwa likakhala lalitali kuposa mlomo wake, monga la hibiscus, imangoboola kunsi kwake n'kumwa timadzi totsekemera popanda kukhudza mungu, kutanthauza kuti yadya osalipira. Ndinaika mbale yadothi ya madzi pansi pa mtengo wa mandimu, ndipo masana kukatentha timpheta ndi apumbwa amasamba mosinthana. Madziwo ndimawataya n'kuthira ena pakapita masiku awiri alionse, chifukwa nyengo ino ndi ya malungo ndipo sindikufuna kuweta udzudzu m'dzina lokonda mbalame.

Mtengo wa mandimu umenewu ndi umene unandiyesa. Mphukira zake zitangotuluka ndinapeza masamba atadyedwa, ndipo pamwamba pake panali tinthu takuda ndi mawanga oyera tooneka ngati zitosi za mbalame. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti tikuyenda. Zinali mbozi za gulugufe wamkulu uja wakuda wa madontho achikasu, Papilio demodocus, amene amaikira mazira pa mitengo ya mandimu ndi malalanje. Zikadali zazing'ono zimadzibisa pofanana ndi zitosi, zikakula zimasanduka zobiriwira ngati tsamba, ndipo munthu akazikhudza zimatulutsa timinyanga tiwiri tofiirira kuseri kwa mutu, tonunkha moipa. Bambo a kunyumba anati tigule mankhwala opopera, ndipo kale ndikanavomera mosaganiza kawiri. Koma mankhwala amenewo sasankha, amapha njuchi zimene zimabwera ku maluwa a mandimu omwewo, amapha chiswamphika, ndipo bilimankhwe amene amakhala mumpanda amasowa chakudya. Ndinachotsa ndi manja mbozi za pa kamtengo kakang'ono kamene ndinadzala chaka chatha, chifukwa kameneko zikanakamaliza, koma za pa mtengo waukulu ndinazisiya. Mtengo wokhwima sufa chifukwa cha masamba makumi awiri.

Sikuti ndimachitira chifundo chilichonse. Anunkhadala, ziwala zamawangamawanga zonunkha zija zimene ngakhale mbalame zimazikana, ndimawatola m'mamawa akadali ouma ndi mame n'kuwaponya m'madzi a sopo. Nkhono zazikulu nazo ndimazichotsa. Lantana ndinamuzula yense ngakhale kuti agulugufe amamukonda kwambiri, chifukwa mbalame zimamwaza njere zake paliponse, amalanda tchire la zomera zathu, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Za bilimankhwe tinakangana pang'ono ndi mtsikana amene amandithandiza ntchito zapakhomo, amene atamuona pa nthambi anathawa n'kukatenga mwala. Ambiri a ife tinakula tikumuopa, ndipo nthano ya makolo imamuimba mlandu woti anachedwa ndi uthenga wa Chauta wonena kuti anthu akafa adzadzukanso, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Komatu alibe ululu uliwonse, ndipo tsiku lonse amangosaka ziwala ndi ntchentche ndi lilime lake lalitali. Ndinamunyamula ndi kamtengo n'kumubwezera mumpanda, mtsikanayo akuonerera chapatali atagwira pakamwa. Panopa akamuona amangondiitana kuti, "Amayi, mlendo wanu uja wabweranso."

Chimene chili ndi poizoni weniweni m'kamunda aka ndi chokongola kuposa zonse. Duwa la Gloriosa superba, limene dziko la Zimbabwe linalisankha kukhala duwa la fuko, layamba kukwera mpanda pogwira ndi nsonga za masamba ake zopotana, ndipo mu Disembala lidzatulutsa maluwa ofiira ndi achikasu opindikira m'mwamba ngati malawi a moto. Chomera chonsecho n'chakupha, makamaka mzu wake umene mwana angauyese mbatata, choncho ndinachidzala kukona imene ana saseweramo, ndipo ndinawaonetsa n'kuwachenjeza. Dzulo ndinawerenga timaluwa tisanu ndi tiwiri tosatseguka. Pobwerera ndinadzera pa mtengo wa mandimu, ndipo pa kanthambi kena ndinapeza chikwa chimodzi chitapachikika ndi kaulusi m'chiuno. Amayi akubwera Loweruka likudzali, ndipo sindinaganize ngati ndiwaonetse chikwacho kapena ndiyambe ndawatengera ku bedi la nkhwani limene ndawadzalira kuseri kwa khitchini.