Motherboard yotchipa yopirira kutentha kwa m'Chigwa cha Shire

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu October ndi November kutentha kumafika madigiri 40, nthawi zina kupitirira. Kompyuta imene ku Blantyre imagwira tsiku lonse, ikafika ku Nchalo kapena ku Bangula imatha kuyamba kudzithimira masana. Choncho pogula motherboard (board yaikulu yolumikiza zipangizo zonse za m'kompyuta), ngati ndalama zanu n'zochepa, musakopeke ndi timagetsi tamitundumitundu. Yambani mwayang'ana VRM.

VRM ndi tizipangizo tozungulira soketi, malo pa board pomwe pamakhala purosesa (ubongo wa kompyuta). Ntchito yake n'kutsitsa magetsi a 12V ochokera ku power supply (kabokosi kopereka magetsi m'kompyuta) kufika pa volti imodzi ndi pang'ono, amene purosesa imadya. Tizipangizoti timatentha kwambiri. Pa ma board otchipitsitsa, monga ambiri a A320 ndi H610, timakhala pamtetete, popanda chitsulo cha aluminiyamu pamwamba. Tikatentha mopyola muyeso, purosesa imatsitsa liwiro yokha, ndipo munthu amayamba kudandaula Windows pomwe vuto lili pa board. Gwirani board m'manja, yang'anani kumanzere ndi kumtunda kwa soketi. Ngati palibe chitsulo chochotsa kutenthachi, ndi bwino muonjezere ndalama pang'ono mutenge ina, kapena muikepo purosesa ya 65W basi.

Kwa ine, njira yosawononga thumba ndi AM4, soketi ya mapurosesa a kampani ya AMD: board ya B450 kapena B550 ya micro-ATX (yocheperapo kukula), purosesa ya Ryzen 5 5600G, ndi RAM ya DDR4 iwiri ya 8GB. Purosesa imeneyi ili ndi graphics (gawo lotulutsa zithunzi pa sikirini) m'kati mwake, ndiye simukufunika khadi lina lowonjezera kutentha m'bokosi. Chenjerani chinthu chimodzi: B450 yakale siidziwa Ryzen 5000 mpaka BIOS, pulogalamu ya pa board yoyatsira kompyuta, itasinthidwa. Ikapanda kusinthidwa, mafani amazungulira, sikirini ili bii. Muuzeni wogulitsa aisinthiretu, muione ikuyaka musanakwere minibasi yotsika Thabwa.

Kwa Intel, soketi ya LGA1700 imabwera ndi ma board a DDR4 ndi ena a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina siilowa pa inzake. Purosesa yokhala ndi F kumapeto, ngati i3-12100F, ilibe graphics.

Board ya kaunjika ndi yabwino ikayesedwa pamaso panu. Walitsani tochi ya foni m'soketi. Pa Intel timapini tili pa board, ndipo kamodzi kokha kopindika kangaphe slot ya RAM. Makapasita (tizitini ting'onoting'ono ta pa board) otupa pamwamba, dzimbiri pa ma port akumbuyo, fungo lopserera pa pulagi ya mapini 24 kapena ya 8, zonsezi n'zifukwa zoisiyira pomwepo. Batire ya CR2032 yokha isakuwopseni, imasinthika mosavuta.

Pomanga, musaiwale timiyendo tamkuwa pansi pa board, chifukwa ikakhudza chitsulo cha bokosi ingachite shoti. RAM iwiri pa board ya slot zinayi imalowa pa A2 ndi B2.

Magetsi akathima n'kubwerera mwamphamvu, kapena mphenzi ikagwa m'nyengo ya dzinja, imene imapsa nthawi zambiri ndi power supply ndi board. Sungani ndalama ya UPS (batire yopereka magetsi akathima) kapena surge protector (choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu), ndipo musasinthe BIOS popanda UPS. Bokosi likhale patebulo, osati pansi pomwe pamadutsa fumbi, mphemvu ndi madzi akasefukira. Fani imodzi ya 120mm ilowetse mpweya kutsogolo, ina itulutse kumbuyo, ndipo mwezi uliwonse wa chilimwe muzipemerera fumbi pa chitsulo cha VRM.