Zikomo nonse, koma makamaka mbuya wanga wa pa Kapata

Lero ndi tsiku lachinayi chiwaikireni alongo anga, amene anali msilikali. Tenti anachotsa dzulo, mabenchi a ku tchalitchi tabweza, manje pakhomo pangoti zii ndipo ndi pomwe zayamba kuwawa zenizeni. Ndakhala ndikunena kuti ndilemba mawa, ndilemba mawa, mutu sukugwira, ndiye amene ndikudumpheni musandisungire pamtima.

Nkhani mukuidziwa sindibwereza. Ananyamuka m'mawa ndi anzawo pa helikopita kukasiya unga, matenti ndi mankhwala othira m'madzi kwa anthu omwe madzi osefukira anawadulira msewu, sanafike ndipo sanabwerere. Basi. Inu amene mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi inali injini kapena mitambo, chonde lekani, ine ndimagulitsa salaula sindifufuza ngozi za ndege. Chomwe ndikumbuka n'chakuti eni akewo ankati nthawi ya dzinja amakonda kunyamuka kusanatenthe chifukwa masana mitambo imatsika n'kuphimba mapiri, ndipo thumba lililonse lolowa amaliwerengera kulemera kwake, ngakhale munthu alire bwanji kuti muwonjezeko limodzi chabe.

Zikomo asilikali anzawo amene munaperekeza thupi kuchokera ku Lusaka, msewu wonse uja wa Great East, Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete mpaka pakhomo, makilomita oposa 500 pa mvula. Munaima chilili pomwe ife miyendo inatikana. Amayi a Chigwirizano munaimba usiku ndi usiku mpaka mawu kusasa. Adzukulu munakumba dothi lonyowa likugumuka, munayambiranso osadandaula. Anyamata a njinga munatuta nkhuni ndi malasha mukukana ndalama. Abale a ku Mchinji munaoloka pa Mwami ndi nkhuku ndi thumba la nyemba. Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa.

Koma pali mayi mmodzi. Dzina sinditchula chifukwa andiuza kuti ndikalemba andimenya ndi mthiko, koma a ku Kapata kuno ku Chipata mukuwadziwa, MuBemba uja wogulitsa tomato amene takhala naye mpanda umodzi zaka zonsezi tikutukwanizana za mbewa ndi anyani monga mwa chimbuya, chibale cha nthabwala cha aBemba ndi ife a kum'mawa, n'chifukwa chake ndimawatchula kuti mbuya.

Tsiku lija iwo ndi amene anayamba kuona zithunzi pa foni, ife tisanadziwe kanthu. Anasiya tomato pa thebulo osauza ndi munthu yemwe, anathamanga mpaka kwathu, anapeza amayi akutongola mtedza pakhonde. Anawabwereka foni ati yanga yatha talk time, n'kuimanga pa chitenje. Wailesi anazimitsa ati ikusokosa. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kutongola nawo mtedza uku akukamba za mitengo ya feteleza, maola atatu athunthu, munthu akudziwa zomwe akudziwa, mpaka motoka ya asilikali inaima pa geti. Ndiye amayi anamva za mwana wawo kuchokera pakamwa pa munthu, atakhala pa mphasa, wina atawagwira phewa, osati pa Facebook. Ine mpaka lero ndikaganiza maola atatu aja sindimvetsa kuti mtima anaugwira bwanji.

Tinadikira thupi masiku 9. Amene munadikirapo maliro mukudziwa kuti unga umatha bwanji, anthu adye m'mawa, masana, usiku. Mbuya anatenga buku la chipepeso n'kuligona pamutu ngati pilo, kwacha iliyonse inalembedwa, ngakhale K5 ya agogo a kuseri. Mapoto ake aakulu onse anabwera kwathu. Amagona pansi pa mapazi a amayi, ndipo mulamu wanga atakana kudya masiku awiri ndi iwo anamukalipira mu Chinyanja chawo chopotoka chija mpaka anamwa phala, ati ana awa awiri ufuna aike maliro angati.

Ndiye panabwera chovuta kuposa zonse. Bokosi linafika lotseka ndipo anatiuza mwaulemu kuti silitsegulidwa. Kwathu kuno munthu suika m'bale wako usanaone nkhope, mukudziwa. Amayi anakana, ati ndidziwa bwanji kuti ndi wanga, mwina mwandibweretsera mwana wa wina. Amalume analankhula analephera, abusa anapemphera amayi ali gwa. Mbuya sanakambe zambiri, anangowadzutsa n'kuwatengera pafupi, anatenga dzanja lawo n'kuliika pamwamba pa mbendera, ati mayo kambani naye, akumva. Amayi anakamba naye mwina theka la ola, za ali mwana, za mbuzi yomwe anataya ku dambo ali giredi 4, za denga lomwe analonjeza kukonza mvula ikatha. Atamaliza anati chabwino, mutengeni. Anawonjeza kuti mu 1993 analira ana a eni ake pa wailesi, ndege ija ya asilikali itagwera m'nyanja ku Gabon ndi timu yathu ya mpira, anthu 30, osadziwa kuti tsiku lina ndege idzawapeza pakhonde pawo.

Pa manda mfuti zinalira, mbendera anaipinda n'kupatsa mulamu, zonse zinayenda mwaulemu wake. Tikubwerera, mbuya ndi gulu lake anayamba chimbuya chawo monga mwa mwambo, kutipaka unga kumaso ife a kum'mawa, ati lipirani inu odya mbewa. Anthu anaseka koyamba m'masiku onse aja. Ine atandipaka ndinaseka pang'ono kenako fungo la unga lija linandigwetsa pansi, chifukwa ndi mmene alongo anga ankanunkhira atabwera kuchokera ku Malawi mu 2023, nthawi ya namondwe Freddy, pomwe anakathandiza ku Mulanje ndi ku Phalombe. Yunifomu inali mbuu ndi unga mpaka m'matumba, ndinachapa ndine. Ankasimba za azimayi othamangira helikopita isanatere n'komwe, iwo ali pachitseko akukuwa kuti bwererani mphepo ikugwetsani. Mbuya ataona kuti ndagwa sanapepese ai, anakhala pansi pamatope pomwepo n'kudzipaka yekha unga wotsalawo, tinalira tonse awiri ngati zitsiru.

Manje inu ena. Amene munatumiza zithunzi za pamalo pangozi m'magulu n'kulemba RIP amayi asanauzidwe, ena ndinu a magazi athu, ndakuonani ndipo Mulungu akukhululukireni chifukwa ine sindinafike pamenepo. Ndi inu amene thiransipoti yobwerera ku maliro inasowa koma talk time yofunsira za ma benefiti ndi za puloti ilipo, ana a malemu ali moyo ndipo mayi wawo ali moyo, musavutike.

Mabanja a anzawo amene anapita nawo limodzi, sitinakwanitse kufika konse koma tikukutchulani m'pemphero usiku uliwonse. Ambuye agwire ana onsewa pa dzanja. Ndipo anthu aja amene ankadikira unga tsiku lija, ndamva kuti helikopita ina inakafika patapita masiku, amayi atamva anangoti bola adya.

Mbuya, ndikudziwa mwana wanu akuwerengerani izi. Tomato wanu anaola masiku onse aja ndipo mukakana ndalama tikangana pamsika anthu akuona. Mawa ndibwera ndi mapoto anu, koma chivundikiro chimodzi sichikuoneka, ndafuna paliponse.