Kutentha kumene sikuchokera ku dzuwa la Mangochi

Kuno ku Mangochi ukadandaula kuti ukumva kutentha, anthu amangokuseka. Ndani sakumva? N'chifukwa chake amayi ambiri amsinkhu wanga amatha nthawi yaitali osadziwa kuti thupi layamba kusiya kusamba. Zonse amangonamizira dzuwa.

Ine ndinazitulukira mu Juni, mwera ukuwomba, aliyense atadzikuta bulangete. Pakati pa usiku kutentha kumayambira pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, thukuta kamukamu mpaka chitenje kunyowa. Pakapita mphindi zochepa, ndiyambe kunjenjemera ndi kuzizira. Bambo akunyumba anati, "Mayi, awa ndi malungo, mawa mukayezetse." Kuchipatala anandibaya chala, malungo sanapezeke. Namwino anangofunsa zaka zanga ndi mmene ndakhala ndikusambira miyezi yapitayi, basi nkhani inadziwika.

Mmene anandifotokozera, mabasiketi a mazira amayamba kuchepetsa mahomoni, michere ya m'thupi yoyendetsa msambo, makamaka otchedwa estrogen. Kwa amayi ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo amati wasiyadi ukatha miyezi 12 yotsatizana osaona kanthu. Nthawi imeneyo isanakwane msambo umangodumphadumpha, mwezi uno wabwera, iwiri yotsatira zii. Apa ndi pamene ena amataya kulera msanga, n'kudzabereka mwana wofanana msinkhu ndi mdzukulu wawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife Amangochi timadziwa kulangiza. Mtsikana ali ndi nsondo kapena chinamwali, wa mimba yoyamba ali ndi litiwo, anamkungwi amachezera usiku wonse. Koma mayi akafika posiya kusamba palibe amene amamuyalira mphasa. Amangomva zapachitsime: akuti magazi amene sakutulukawo akuunjikana m'mimba, akuti ukapitiriza kugona ndi mwamuna mimba idzatupa. Zonsezi n'zabodza. Magazi aja sapangidwanso, ndiye palibe choti chiunjikane. Koma bodza limeneli lasamutsa amayi ambiri kuchipinda, bambo n'kupezerapo chifukwa chokatengera wachiwiri. Vuto lenileni, limene sitilitchula ngakhale kwa achemwali athu, ndi kuuma kwa njira ya abambo, moti kukhala malo amodzi kumapweteka. Mafuta ofewetsa opangidwira zimenezi alipo m'mafamase, ndipo namwino sadabwa ukafunsa. Kondomu nayo musaiponye kutali. Mimba yatha, koma HIV siyang'ana zaka.

Tulo timavuta, mtima umapsa msanga. Tsiku lina ndinakalipira kasitomala chifukwa chongogwiragwira usipa pathandala osagula, chinthu chimene anthu akhala akuchita chiyambire geni yanga. Ana kunyumba ankangonong'onezana kuti agogo masiku ano ayi ndithu.

Estrogen akachepa mafupa amayamba kufooka, ndipo matenda a mtima ndi BP amayandikira. Pa mafupa pokha ife a kunyanja tili ndi mwayi. Usipa ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli kashiamu. Chambo chisiyireni alendo a ku Cape Maclear. Onjezani bonongwe ndi chisoso, chepetsani mchere, ndipo ulendo wakumsika muziyendako wapansi m'malo mokwera kabaza nthawi zonse.

Zabwino ziliponso, tisanamizane. Mnzanga wachisilamu wa ku Namwera akuti tsopano amamanga Ramadani yonse popanda masiku obweza, swala osadumphitsa. Ine ndimathira mchere m'ndiwo tsiku lililonse osaitana mwana kuti adzandithirire, ndipo ndalama ya mapadi ndimagulira sopo.

Koma ichi chokha musachitenge mwachibwana. Mukatha chaka chathunthu osasamba kenako n'kuonanso magazi, ngakhale kadontho pa kabudula wamkati, si utsikana umene wabwerera. Chikhoza kukhala chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero kapena ya chiberekero chenichenicho, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse. Chimodzimodzi chikazi chonunkha, kapena magazi otuluka mukatha kugonana. Musayambire kwa asing'anga, musadikire kuti muone ngati zibwerenso mwezi wamawa. Tengani buku lanu lakuchipatala sabata yomweyo, mukanene mosabisa kuti munasiya kusamba liti ndipo mwaona chiyani. M'zipatala za boma kuyeza khomo la chiberekero n'kwaulere.